Mayi Pagels Salemba Dzina la Wina

Kashopu ka Mayi Heidrun Pagels kali pakati pa siteshoni ya sitima yapamtunda ndi doko la Warnemünde ku Jeremani, pamene alendo otsika m'sitima zapamadzi amadutsa popita mumzinda. Ndi kakang'ono: anthu atatu akalowa, wachinayi amadikira panja. Amagulitsamo masimukhadi, mayunitsi ndi mawaya otchajira foni, basi. Wofuna maswiti kapena nyuzipepala amauzidwa kuti apite patsogolo.

Mayiwa anabadwira kumudzi, kwa makolo olima mbatatesi. Atamaliza sukulu analembedwa ntchito kufakitale yokonza sitima zapamadzi, m'chipinda cholumikizira mafoni. Zaka khumi ndi zisanu anakhala pampando umodzi, kuzula waya apa n'kubaya apo, kuti mabwana alankhulane. Kunyumba kwawo foni kunalibe. Analembetsa atangokwatiwa ndi Eckhard, wowotcherera zitsulo pafakitale pomwepo, ndipo foniyo inabwera mwana wawo atayamba kale kumera ndevu. Mayiko awiri a Jeremani atabwerera kukhala limodzi, fakitale inachepetsa anthu, ndipo chipinda cha mawaya chinali choyamba kutsekedwa. Anakolopa m'mahotela zaka zinayi osadandaula kwa munthu. Kenako anachita lendi kachipinda aka n'kuyamba kugulitsa makhadi oimbira m'mafoni a m'misewu. Mafoniwo atazulidwa, anaphunzira za masimukhadi ali ndi imvi kale.

Chingerezi sanachidziwe kwenikweni, ndipo sananamizire kuti amachidziwa. M'malo mwake anapachika chikatoni pakhoma, n'kulembapo mawu anayi a Chijeremani ndi zilembo zikuluzikulu, lililonse ndi chithunzi chake chojambula pamanja. Loyamba linali Ausweis, pambali pake kabuku ka pasipoti. Lachiwiri Adresse, pambali pake bedi, kutanthauza kumene mlendo akugona. Lachitatu Guthaben, mayunitsi otsala m'foni. Lomaliza Aufladen, kuwonjezera mayunitsiwo. Mlendo aliyense, kaya ndi wolemera wa m'chipinda cham'mwamba cha sitima, kaya ndi wotsuka mbale wa pansi pake, sankatuluka asanawatchule mawuwo mokweza. Ena ankaseka, ena ankakwiya. Mayi Pagels ankangoloza chikatoni ndi pensulo mpaka munthu atatchula. Ankati mayunitsi akadzatha mlendoyo adzakhala ali ku Hamburg kapena ku Berlin, ndipo wapakauntala wa kumeneko sadzamujambulira chithunzi.

Pa mawu anayiwo, loyamba ndi limene linkawadanitsa ndi anthu. Popanda chiphaso cha mwiniwake, simukhadi sinkatuluka m'kabati. Lamulo la dziko limatero, koma iwo anayamba kutero lamulolo lisanakhwime, ndipo chifukwa chake anthu a padoko amachidziwa. Chaka choyamba cha masimukhadi kunabwera wamalinyero wina wothamanga, wopanda pepala lililonse, akuti akufuna kuimbira mayi ake odwala. Mayi Pagels anamva chisoni, n'kulemba pafomu dzina la amuna awo. Patapita zaka ziwiri apolisi anagogoda kunyumba. Nambala ija inali itadutsa m'manja ambiri, ndipo wina ankaopsezera nayo mkazi wa ku Kiel. Eckhard, amene mapapo anali atayamba kale kumuvuta, anayankha mafunso masana onse pa mlandu umene sankaudziwa. Apolisi anamvetsa n'kupita. Eckhard sanawakalipire akazi ake. Anangofunsa kuti, "Heidrun, kodi dzina langali wabwereketsa kwa angati?" Anamwalira chaka chotsatira, ndi matenda ake, osati ndi nkhaniyo. Koma funsolo linatsala m'nyumba.

Moyandikana ndi kashopuko pali ngolo ya Bambo Dabelstein, ogulitsa mabanzi a nsomba. Akhala moyandikana choncho zaka makumi awiri, ndipo mpaka lero amatchulana Bambo ndi Mayi, osadumphapo. Izi sizinawaletse Bambo Dabelstein kuwaseka tsiku lililonse. Ankawatcha apolisi osalipidwa, ndipo ankauza makasitomala awo kuti mayiwo akadzafika pakhomo la kumwamba adzayamba ndi iwo kufunsa mngelo chiphaso.

Loweruka lina la mwezi wa Julayi, padoko panaima sitima yaikulu imene inayenera kunyamuka 5 koloko madzulo. Itangokwana 3 koloko, pakhomo la kashopu panaima mkulu wina wamtali, wa nkhope yopsa ndi dzuwa, chipewa chili m'manja. Anapereka moni, ndipo Mayi Pagels anaika pensulo pansi. Moniwo unali wa chinenero cha kumudzi, chimene anachimva komaliza pakamwa pa agogo awo aamuna. Mkuluyo anati dzina lake ndi Valdemar Reblin, mlimi wa khofi wa ku Brazil. Makolo a agogo ake anachoka m'dera lomweli kalekale, ndipo kumapiri kumene anakakhala anthu amalankhulabe chimodzimodzi. Ankadziwa mawu a khasu, a ng'ombe ndi a pemphero. Mawu a foni analibe ngakhale limodzi. Anangoika foni yake pakauntala n'kunena kuti chinthuchi kuno chafa.

Nkhani yake anaifotokoza pang'onopang'ono, ngati munthu woopa kuti akafulumira alira. M'mawa iye ndi mkazi wake Ilza anatsika m'sitima okha, osatsata gulu, kukaona tchalitchi chakale mumzinda. Ilza anagwa pamasitepe. Ambulansi inawatengera kuchipatala cha mumzinda momwemo, ku Rostock, ndipo madokotala anati ndi mtima. Mkaziyo anagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mmene achibale saloledwa kukhala. Namwino anamuuza mkuluyo kuti madokotala akupimabe, ndipo madzulo ano adzafuna mawu ake monga mwamuna wa wodwalayo asanachite opaleshoni. Apite akapeze pogona, koma asiye nambala ya foni. Iye nambala yogwira ntchito analibe. Namwinoyo anamulembera nambala ya kuwodi pakapepala, n'kumuuza kuti akagule simukhadi.

Mayi Pagels analoza mawu oyamba pachikatoni. Bambo Reblin anayang'ana chithunzi cha kabuku, n'kupukusa mutu. Mapasipoti onse awiri anali m'sitima, muofesi, chifukwa sitimayo inkasunga mapasipoti a alendo a kutali mpaka ulendo utatha. Mlendo ankangoyenda ndi kakhadi ka sitima kolowera ndi kutulukira. Nanga kakhadiko? Ilza ndiye ankasunga zonse m'kachikwama kake, monga wachitira zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kachikwamako anamwino anakatsekera pamodzi ndi zovala zake. Iye anakumbukira ali kale m'sitima yapamtunda. Anafika pageti la doko, mlonda anamubweza. Anapita kawiri, anabwezedwa kawiri.

Bambo Dabelstein anali atasiya ngolo yawo, akumvetsera pakhomo ndi mpeni wa anyezi m'manja.

"Mayi Pagels, apa palibenso zoganiza. Lembani dzina lanu. Kapena langa, nali khadi langa. Ndani adzadziwe?"

"Ndidzadziwa ndine."

"Taonani munthuyu, mayi inu. Akuoneka ngati woopseza akazi m'mafoni ameneyu?"

"Wamalinyero uja nayenso sankaoneka choncho. Ndipo si iye anaopseza munthu. Simukhadi imayenda, Bambo Dabelstein, kuposa nsomba zanu."

"Nsomba zanga zafa kale, sizipita kulikonse. Inu ndinu amene mtima unafa."

Mawuwo anawalowa Mayi Pagels, chifukwa mbali ina anali oona: mkulu uja anali ataima pomwepo, akupotokola chipewa, ndipo kulemba dzina labodza kukanatenga mphindi zisanu zokha. Iwo foni ya m'manja analibe yoti amubwereke. Wogulitsa masimukhadi ameneyu ankakhulupirira foni ya waya yokha, ya pashopu ndi ya kunyumba. Ya Bambo Dabelstein inali yolandirira malipiro a makasitomala, ndipo eni ake ankagona kutali. Mayi Pagels ankadziwanso mmene zinthu zimayendera padoko. Mlendo akapanda kubwerera, sitima simudikira. Pasipoti yake imaperekedwa kwa woimira kampani pamtunda, ndipo ofesi ya ameneyo, ikatsekedwa Loweruka madzulo, imatsegulidwa Lolemba. Kudikira Lolemba kunali kusiya madokotala akuimbira mphepo.

Anayang'ana wotchi. Inali 3 koloko ndi mphindi makumi awiri. Anavula epuloni, anatenga makiyi, n'kuuza anyamata awiri a m'sitima amene ankadikira panja kuti lero agule kwina. M'zaka zonse sanatsekepo shopu sitima ili padoko. Bambo Dabelstein anafunsa kumene akupita.

"Kukatenga dzina la munthuyu. Lili apo, tikuliona ndi maso."

Kuchoka pashopu kukafika pageti ndi ulendo wa mphindi khumi kwa munthu wa mawondo abwino. Awo sanali abwino, koma Bambo Reblin ndi amene ankatsalira. Anadutsa pakati pa alendo obwerera, onyamula zikwama za zogula, ena akunyambita ayisikirimu. Pageti panali mzere wautali, aliyense kakhadi kali m'manja. Mlonda anali Torsten Schuldt, bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wa mimba yoyamba kutsogola. Mayi ake ankagwira ntchito ndi Mayi Pagels m'chipinda cha mawaya chija, ndipo Mayi Pagels anamupukutapo mamina kangapo. Atawaona akubwera ndi mkulu amene anamubweza kawiri, nkhope yake inagwa.

"Azakhali Heidrun, musayambe. Popanda khadi salowa munthu."

"Sindinabwere kwa Torsten ine. Ndabwera kwa Bambo Schuldt, a yunifolomu. Ndipo sindikupemphani kuti mumulowetse."

"Nanga mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna mundiuze chimene buku lanu limanena mlendo akataya khadi. Si woyamba uyu."

Torsten anakanda m'khosi. Anati bukulo limanena kuti mlonda aitane wachitetezo wa m'sitima, abwere adzamuzindikire mlendoyo. Koma nthawi ngati ino, ola limodzi ndi theka sitima isananyamuke, a m'sitima amakhala pa mpanipani, ndipo akaitanidwa amakalipa. Komanso mkuluyu pobwera paja sananene chomveka. Ankangoloza sitima n'kumalankhula zachimidzi zimene iye sankazimva.

"Amayi ako akanazimva," anatero Mayi Pagels. "Itanani, Bambo Schuldt. Akakalipa, mundipatse ine wailesiyo."

Torsten anaitana. Mawu a m'wailesi anayankha mwachidule kuti adikire. Anadikira. Mayi Pagels sanapite pambali pamene anawalozera. Anaima pafupi ndi kanyumba ka mlonda, pamene Torsten sakanatha kutembenuka osawaona. Mzere unkayenda. Mphindi khumi zinatha, kenako khumi ndi zisanu. Bambo Reblin anayamba kunena kuti mwina angobwerera kuchipatala akakhale panja pa chitseko mpaka wina amuone. Mayi Pagels anamuuza kuti chipatalacho chili ndi zitseko zoposa makumi awiri, ndipo dokotala sadzayenda nazo kufunafuna mlimi wa khofi. Aime pomwepo.

Itakwana 4 koloko Mayi Pagels anamuuza Torsten kuti aitanenso. Iye anati sangaitane kawiri pa nkhani imodzi. Anamufunsa ngati bukulo limaletsa. Silinkaletsa. Anamuuzanso zoti anene: asati pali mlendo wopanda khadi, ati pali mlendo amene mkazi wake ali m'chipatala, ndipo sitima ikusowa anthu awiri amene sikudziwa kuti ikuwasowa. Torsten ananena mawuwo monga anamuuzira. Ulendo uno wailesi inafunsa dzina ndi nambala ya chipinda. Dzina analipereka. Nambala ya chipinda Bambo Reblin sankaidziwa, ankangotsatira Ilza. Anangoti ndi chipinda chopanda zenera, pafupi ndi pochapira zovala.

Patapita mphindi zisanu kunatsika mayi wina wovala zoyera, wa nkhope yotopa, atanyamula kakompyuta ka m'manja. Anayang'ana chithunzi chimene chinali pamenepo, anayang'ana Bambo Reblin, n'kuwauza kuti avule chipewa chimene anali atavala chifukwa cha dzuwa. Anagwedeza mutu. Analankhula Chingerezi chothamanga, Torsten n'kumasulira m'Chijeremani, Mayi Pagels n'kutembenuzira m'chinenero cha kumudzi. Mkuluyo aloledwa kukwera, atenge katundu ndi mapasipoti, asaine kuti akutsika mwa kufuna kwake. Koma mlatho wokwerera uchotsedwa 4 koloko ndi mphindi makumi anayi ndi zisanu. Akachedwa, akatsikira padoko lotsatira, ku Tallinn, m'dziko lina.

Bambo Reblin atamva zimenezo anabwerera m'mbuyo. Anagwira mkono wa Mayi Pagels n'kunena kuti sakwera. M'sitimamo amasochera ngakhale masana, ndipo ikanyamuka naye Ilza adzadzuka yekha m'dziko la eni.

"Tamverani, bambo," anatero Mayi Pagels. "Zovala zisiyeni ngati zikuchedwetsani. Tengani mabuku awiri aja ndi mankhwala a akazi anu. Mayi awa sakusiyani. Ine ndili pano, ndipo sindisuntha mpaka ndikuoneni."

Anakwera. Mayi Pagels anaona msana wake ukulowa pakhomo laling'ono la m'mbali mwa sitima, ndipo apo m'pamene mantha anawagwira iwo. Akanalemba dzina lawo pafomu, bwenzi munthuyu ali kale m'sitima yapamtunda, foni ikugwira ntchito. Tsopano anali atamulowetsa m'chinyumba cha nsanjika khumi ndi zinayi chimene chinali pafupi kuyandama. Sanadzinamize kuti zimenezi zinalibe vuto. Ngati sitima ipita naye, mlandu udzakhala wawo, ndipo adzayenera kupita okha kuchipatala kukaufotokoza. Torsten anawabweretsera mpando. Anakana.

Mzere unatha. Otsalira awiri anabwera akuthamanga, akuseka. Amuna a zingwe anayamba kuyenda m'mphepete mwa doko, akuvala magolovesi. Wotchi ya pakanyumba ka mlonda inadutsa theka, inafika mphindi makumi anayi. Galimoto yokoka mlatho inalira injini. Torsten, osauzidwa ndi munthu, anatenga wailesi n'kuitana kachitatu, ndipo mawu ake sanali opempha.

Bambo Reblin anatulukira pakhomo lija woyendetsa galimotoyo atatsika kale kudzamasula unyolo. Patsogolo panali mayi wa zoyera uja akukoka sutikesi, pambuyo Bambo Reblin ndi sutikesi ina, chijasi cha mkazi wake chili paphewa. M'dzanja lamanja anali atakweza mabuku awiri abuluu, ngati munthu wowoloka mtsinje.

Pobwerera, sitima inaliza lipenga lake iwo ali pakati pa njira, ndipo palibe anatembenuka. Bambo Dabelstein anawaona akubwera, anathamangira kudzalandira masutikesi, n'kunena kuti apolisi osalipidwa agwira munthu ndi katundu yemwe. Kenako anakulunga banzi la nsomba n'kulipereka kwa mlendoyo, amene sanadye chilichonse chichokereni m'mawa.

Mayi Pagels anatsegula shopu, anavala epuloni ndi magalasi, n'kutsegula pasipoti. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana munthu, ngakhale anali atakhala naye maola awiri. Analemba dzina chilembo ndi chilembo. Pofika pa adiresi anaimbira mayi wina wamasiye wa ku Rostock amene amachititsa lendi chipinda pafupi ndi chipatala, anamva kuti chilipo, ndipo analemba adiresi imeneyo, chifukwa ndi kumene munthuyo akagonedi. Analowetsa simukhadi m'foni ndi zala zawo. Makina a kampani anazungulira nthawi yaitali, monga amachitira Loweruka, kenako anavomera. Bambo Reblin anatulutsa mayuro khumi ndi asanu, ndipo anatchula mawu onse anayi a pachikatoni limodzilimodzi, pensulo ikuwatsogolera. Tsiku limenelonso sanakhululukidwe.

Anaimba nambala ya pakapepala ija. Namwino anayankha, analemba nambala yatsopanoyo, anaiwerenga mobwereza, n'kunena kuti dokotala anafunsa kale kawiri za mwamuna wa mayiyo. Asazimitse foni.

Mayi Pagels anatseka shopu kachiwiri n'kumuperekeza kusiteshoni, chifukwa masutikesi anali awiri ndipo munthuyo sankadziwa potsikira. Anagula matikiti awiri. Sitima itangodutsa masiteshoni atatu, foni inalira m'thumba la malaya a Bambo Reblin. Anaitulutsa, anamvetsera, kenako anayang'ana Mayi Pagels mosowa chochita. Dokotala ankalankhula Chijeremani cha m'mabuku, ndipo mwa mawu khumi iye ankagwirapo awiri.

Mayi Pagels anatenga foniyo. Anadzitchula dzina, ananena kuti si achibale, ndi ogulitsa masimukhadi, ndipo mwamuna wa wodwalayo ali pambali pawo, alankhule pang'onopang'ono. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anamufotokozera mkuluyo m'chinenero cha agogo awo, osachepetsa ndi osakometsa: mtsempha umodzi wa mtima watsekeka, madokotala akufuna kuutsegula madzulo omwe ano, pa msinkhu wa mayiyo pali chiopsezo, koma kudikira n'koopsa kuposa. Akufuna kumva kwa iye.

Bambo Reblin anafunsa ngati iwo angamuyankhire.

"Ayi. Mkazi ndi wanu, foni ndi yanu. Nenani nokha."

Anamubwezera foniyo. Mkuluyo anavula chipewa, anachiika pabondo, n'kutchula dzina lake lonse, kenako la mkazi wake. Anati avomera, ayambe, ndipo iye ali m'njira.